Tsiku limene Amidu anamwa madzi dzuwa lili paliwombo

Bwerani kuno pakhonde, ana inu. Chimangacho chisiyeni pamoto, sichithawa. Iwe Chikondi, ndakuona mmene umadutsira pamaso pa Yusufu uku ukukukuta chimanga chootcha ngati mbuzi yolowa m'munda wa eni. Ukuganiza kuti maso anga anatha? Anathera pa kulowetsa ulusi pasingano basi, zinazi ndimaona zonse. Ndikudziwa kuti chisuweni chimalola kunyogodolana, koma msuweni wakoyu ali m'mwezi wosala wa Ramadani, ndipo chichokereni m'bandakucha sanalawe ngakhale dontho la madzi. Iwe Lenti unayamba dzana, unalonjeza kusiya shuga, koma dzulo ndakupeza ukunyambita supuni.

Agogo anu aakazi apita ku mphakati kukapemphera, ndiye lero ndilankhula momasuka. Nkhani ndikufuna kukuuzaniyi ndi ya iwowo ndi bambo ake a Yusufu. Koma kuti muimve bwino ndiyambire kutali pang'ono, pakuti nkhalamba siidumpha mtsinje, imayenda mpaka ipeze pooloka.

Ine ndisanakhale mlimi wa thonje ndi nsawa ndinali telala. Musaseke, manja awa anasoka madiresi aukwati ochuluka. Ndinachoka kuno ku Kasenengwa ndikuyenda wapansi, akuluakulu asanazolowere kunena kuti Chipata, akadanenabe kuti tikupita ku Fort Jameson. Kunalibe maminibasi amene mumakwera inuwa. Unkanyamula chinangwa chophika m'kansalu, madzi m'chikho, nsapato pakhosi kuti zisathe, ndipo unkazivala utaona malata a m'tauni akung'anima.

Ntchito ndinaipeza pakhonde la sitolo ina ku mashopu a kumunsi. Pakhondepo panali makina awiri opalasa ndi mapazi. Ena anali a Che Saidi, Msilamu wachikulire amene makolo ake anachokera ku Malawi, enawo anandipatsa ine kuti ndiphunzirirepo. Simbi yathu inali ya makala, yokhala ndi katambala kachitsulo kotsekera. Ukaiwala kuipukuta kunsi, malaya oyera a mwiniwake ankatuluka ndi mapu.

Chaka choyamba mwezi wosala utafika sindinadziwe choti ndichite. Ndinkaona Che Saidi akupalasa makina tsiku lonse, milomo itauma, osapempha tiyi, osatafuna ngakhale nsawa imodzi. Ine masana ndinkatenga mbatata yanga n'kukadyera kuseri kwa sitolo, pafupi ndi dzala. Tsiku lina ananditsatira.

"Lazaro, kodi wasanduka khoswe? Bwanji ukudyera kudzala?"

"Ndimaopa kukuvutitsani, Che Saidi."

"Bwerera pakhonde. Kusalaku ndi kwanga, si kwako ayi. Ndikasala chifukwa palibe chakudya pafupi, imeneyo ndi njala chabe. Koma usamachite kundinunkhiritsa dala."

Wamva mawu omalizawo, Chikondi?

Kuyambira pamenepo ndinkafunsa chilichonse, iwo n'kumandiyankha singano ili pakamwa. Anandiuza kuti mwezi wawo umayenda, chaka chino uli m'dzinja, zaka zikapita uli m'chilimwe, kenako m'chisanu, chifukwa amawerengera mwezi wa kumwamba. Anandiuza kuti pakamwa sipasala chakudya chokha, pamasalanso bodza, miseche ndi kutukwana. Ndinaziona ndekha. Mzimayi wina anabwera n'kuwalalatira kuti amufupikitsira siketi, chonsecho anali atanenepa yekha. Che Saidi anangoti, "Mayi, ine ndikusala," n'kuyamba kusomola ulusi. Miyezi ina akanamuyankha mpaka msika wonse ukanamva, pakuti pakamwa pawo panali pakuthwa kuposa sizasi.

Chaka china anadwala malungo mkati mwa mwezi womwewo. Ndinadabwa kuwaona masana akumeza mapiritsi ndi madzi pamaso pa anthu. Ndinati, "Kodi mwagonja?" Iwo anati, "Wodwala, wapaulendo, mayi wapakati kapena woyamwitsa, onsewa ali ndi chilolezo. Amamasula, ndipo masiku amene adumphawo amadzabweza akapeza bwino. Mulungu sanatipatse mwezi uno kuti atiphe nawo." Mawu amenewo ndinawasunga, osadziwa kuti ndikusungira chiyani.

Sabata yomaliza ya mweziwo inali yokolola kwa matelala. Aliyense ankafuna mkanjo watsopano ndi diresi latsopano la chikondwerero cha Idi. Tinkasoka mpaka msana kuuma. Tsiku la Idi Che Saidi ankanditengera kwawo kukomboni ya Nabvutika, n'kundikhazika pamkeka pamodzi ndi abale awo, mpunga wonunkhira uli pakati. Ine kolona wanga ali m'khosi, palibe anandiuzapo kuti ndivule.

Kenako atate anga anamwalira, ndinabwerera kumudzi kudzagwira khasu, ndinakwatira agogo anu, tinabereka ana. Utelala unathera pamenepo. Masiku ano mumangogula salaula pamsika, zovala zimene munthu wina kutsidya la nyanja anatopa nazo, ndiye mumati mwatchena.

Tsopano tifike pa Roza, mwana wanga wamkazi, amayi ake a Yusufu. Roza anapita ku Chipata kukagulitsa m'sitolo ya nsalu, ndipo kumeneko anakumana ndi Amidu, mnyamata woyendetsa lole yonyamula mbewu. Atabwera ndi mawu akuti akufuna kukwatiwa ndi Msilamu, agogo anu anagona masiku osadya bwino. Mukuwadziwa, ndi munthu woti belu la tchalitchi likalira iwo ali kale pabenchi. Ankati mwana watayika. Ine ndinafufuza za mnyamatayo, ndinamva kuti samwa mowa, sasewera juga, amasamala amayi ake. Anavomeranso pamaso pa ankhoswe kuti Roza azipita ku Misa monga kale. Ukwati unachitika, koma mtima wa agogo anu sunatsike.

Roza atakhala ndi pakati poyamba, pa Fatuma uja ali ku Lusakayu, Amidu anabwera naye kuno kuti adzachirire kwa amayi ake monga mwa mwambo. Unali mwezi wa Okutobala, ndipo chaka chimenecho Ramadani inagwera momwemo. Inu Okutobala wa kuno mumamudziwa. Nkhuku zimayenda zitayasamula kukamwa, mchenga umawotcha mapazi, mjigo umatulutsa madzi ngati ukuchita kuumira. Amidu ataona kuti denga la nyumba yathu lawola, anati sabwerera m'tauni asanafolere.

Agogo anu, ngakhale anali ndi chawo mumtima, ulemu wa mlendo anaudziwa. Anaphika thobwa, anapha nkhuku, n'kutuma Roza kuti akapereke masana. Paja kale mpongozi wamkazi ndi mkamwini sankayang'anana. Akakumana panjira wina ankapatukira kutchire, ndipo mawu ankadutsa mwa munthu wina. Si zanu za lero zomajambulana pafoni ndi apongozi mutakolekana mikono.

Mbale zija zinabwerera zosavundukula.

"Akuti zikomo kwambiri, koma akusala. Adya dzuwa likalowa," anatero Roza.

"Nanga thobwali?"

"Ngakhale madzi samwa, amayi."

Agogo anu anatenga mbalezo n'kulowa nazo kukhitchini. Madzulo Amidu anadya ndiwo zamasamba ndi nyemba, nkhuku ija osaikhudza, chifukwa sinazingidwe mwa Chisilamu. Apa ndiye zinthu zinaipiratu. Tili awiri agogo anu anandiuza kuti, "Atate a Roza, munthu uyu akutinyansidwa. Akuona ngati mbale zathu ndi zauve, kapena akuganiza kuti ndimuthirira mankhwala."

Ndinati, "Amake Roza, si choncho. Ndi chipembedzo chawo. Ifenso timasala pa Lenti."

"Ife timasiya nyama Lachisanu, sitikana madzi a apongozi. Ndipo kusala kwake n'kotani kodya usiku? Akungosintha nthawi ya chakudya basi. Inu mumawaikira kumbuyo chifukwa munadya mpunga wawo."

Ndinafotokoza zonse zimene Che Saidi anandiphunzitsa, koma zinali ngati kuthira madzi pamsana pa bakha. Tsiku lililonse Amidu ankakwera padenga m'mawa, kumanga udzu ndi luzi dzuwa likumuwotcha, kutsika masana kukasamba m'manja ndi kumapazi, kuyala kamkeka kake pansi pa mtengo wa mango n'kupemphera. Agogo anu ankamuyang'anira kukhitchini ndi diso la m'mbali. Mapeto ake anatumiza uthenga kwa mlongo wawo, malume ake a Roza, amene anali nkhoswe, kuti abwere adzamve mlandu. Anali atatsimikiza kuti Roza akachira sabwereranso kwa mwamuna wake ku Nabvutika. Roza ankalira kuseri kwa nyumba, mimba ili apo. Ine ndinasowa pogwira, pakuti kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi, ndipo malume akagamula, bambo umangomeza malovu.

Nkhoswe isanafike, kunabwera moto.

Anyamata osaka mbewa anatentha tchire kuseri kwa dambo. Mphepo inatembenuka masana, moto n'kulunjika kumudzi. Tsikulo anthu ambiri anali kumaliro kumudzi wina, pamudzi panatsala amayi ochepa, nkhalamba ndi ife. Nkhokwe zathu zinali kumapeto, kumene kuli khola la mbuzi panopa. Imodzi ya chimanga, ina ya nsawa, ndipo ndicho chinali chakudya chathu chonse mpaka kukolola kwina, pamodzi ndi mbewu yodzala. Inu mumasunga chimanga m'matumba m'nyumba, simudziwa mmene nkhokwe yofolera ndi udzu imayakira. Imangoti lawi kamodzi, chaka chonse chapita.

Amidu ndiye anayamba kuona utsi ali padenga. Anatsika mosayang'ana makwerero, n'kutenga khasu, kuyamba kulambula udzu kuzungulira nkhokwe. Ine ndinathyola nthambi zamasamba. Agogo anu ndi amayi ena ankathamanga ndi zidebe kuchokera kumjigo. Moto unafika ukulira ngati lole pamtunda. Tinaupuntha ndi nthambi, utsi uli m'maso, koma ine mphamvu zinandithera msanga, ndinagwada pansi ndikutsokomola. Amidu anapitiriza yekha mbali imene moto unali waukulu. Lawi lina linadumpha n'kugwira denga la nkhokwe ya chimanga. Iye anakwera, n'kuyamba kuzula udzu woyakawo ndi manja, kuuponya pansi, mpaka denga lonse linatsala mitengo yokhayokha. Chimanga sichinapse ngakhale chitsononkho chimodzi.

Moto utadutsa n'kukazimira kumsewu, Amidu anatsika, anayenda pang'ono, n'kugwa chafufumimba.

Tinamukokera pamthunzi. Manja anali matuza okhaokha. Chimene chinandiopsa ine n'chakuti thukuta linali litasiya kutuluka, khungu lili gwaa ngati chikopa, maso atalowa, ndipo ankalankhula zosagwirizana. Ndinaonapo munthu akufa chotero m'munda wa thonje. Roza anabwera ndi chikho cha madzi. Amidu anatsegula maso, n'kuyang'ana kumwamba. Dzuwa linali paliwombo. Anatembenuza nkhope n'kutseka pakamwa.

"Imwani, chonde," anatero Roza.

"Dzuwa likadalipo," anayankha ndi mawu osamveka bwino.

Mayi wina anati timugwire mphuno timuthire mokakamiza. Ndinakana. Ndinagwada pafupi ndi khutu lake, ulemu wa chipongozi ndinauika pambali, n'kulankhula naye ngati mwana wanga.

"Apongozi, mukundimva? Ine ndi Mkatolika, koma malamulo anu ndinawaphunzira kwa munthu woopa Mulungu. Wodwala amamasula. Amene moyo wake uli pangozi amamasula, n'kudzabweza tsikulo pambuyo. Ndikunama kodi?"

Anapukusa mutu pang'ono kusonyeza kuti sindikunama.

"Ndiye inu panopa ndinu wodwala. Mukakana madziwa si kusalanso ayi, ndi kudzipha, ndipo mwana ali m'mimbayu adzafunsa kuti bambo anapita kuti. Imwani. Tsikuli mudzabweza, ine ndidzakhala mboni."

Misozi inatuluka m'maso mwake, ndinadabwa kuti m'thupi mouma chotero inachokera kuti. Roza anayesa kumumwetsa koma madzi ankangotayikira pachifuwa. Apo agogo anu, munthu amene chikwatiwireni mwana wawo anali asanayang'anepo nkhope ya mkamwini, anagwada pafumbi, anatenga chikho m'manja mwa Roza, ananyamula mutu wa Amidu n'kuugoneka pamwendo pawo.

"Imwani, bambo. Pang'onopang'ono."

Anatchula dzina la Mulungu m'chinenero chawo chopempherera, n'kumwa. Agogo anu ankamupatsa pang'ono, kudikira, kumupatsanso, uku akumupukuta kumaso ndi chitenje chonyowa. Anakhala choncho mpaka thukuta linabwerera. Madzulo tinamutengera kuchipatala pangolo kuti akamumange manja.

M'mawa mwake ndinadzidzimuka kumva mapoto akulira kukhitchini tambala asanalire kachiwiri. Anali agogo anu. Anali atafunsa Roza kuti anthu osala amadya nthawi yanji, ndipo ankaphika phala la nsinjiro loti Amidu adye kusanache. Roza anawauza kuti adokotala amuletsa kusala kufikira atamaliza mankhwala. Iwo anati, "Chabwino, ndikuyeserera kuti tsiku lake likadzafika ndisadzachedwe." Ndipo Amidu atayambiranso kusala, iwo sanachedwepo ngakhale kamodzi.

Malume ake a Roza anafika patapita masiku, panjinga, atavala jekete pa kutentha konse kuja, okonzeka kuweruza mlandu. Anakhala pampando, anatsokomola, n'kunena kuti, "Mlongo, tiuzeni chimene mkamwini walakwa." Agogo anu anati, "Mlandu wake uti? Ndinakuitanani kuti mudzaone chimanga." Anawatengera kunkhokwe yopanda denga ija, n'kuwasiya ataima pamenepo. Munthu wamkulu anabwerera kwawo ndi nsawa pakaliyala, osamvetsa chimene anayendera.

Fatuma anabadwa mvula yoyamba itagwa. Idi inali itapita, manja a Amidu atapola, ngakhale zipsera zilipo mpaka lero. Yusufu, ukapita kwanu ukawayang'ane m'zikhatho bambo ako, sadzakuuza okha. Amidu atabwera kudzaona mwana, anandiuza kuti masiku ena amene anadumpha ali pamankhwala anabweza kale m'tauni, koma tsiku la moto lija analisunga kuti adzabwezere kuno, pamaso pa mboni yake. Anati asala mawa lake.

Kutacha ndinadikira tiyi, osabwera. Ndinapita kukhitchini, ndinapeza mafuwa ozizira, agogo anu akusankha nyemba.

"Amake Roza, kodi moto wavuta?"

"Lero pakhomo pano moto uyaka madzulo. Roza yekha ndiye adya, chifukwa akuyamwitsa."

"Nanga ine?"

"Inu si paja munati ndinu mboni? Mboni imaona ndi mimba yomwe."

Ana inu, ine ndinakhala zaka pambali pa Che Saidi ndikuganiza kuti kusala kwawo ndikukudziwa. Ndinkakudziwa ndi makutu. Tsiku limenelo tinapita kukapalira chimanga tonse atatu. Pofika masana lilime langa linali ngati khoko louma la chimanga. Njala si kanthu, tinaizolowera m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale. Koma ludzu, madzi uli kuwaona m'chidebe, palibe wokuletsa koma mawu ako okha, chimenecho ndi china. Ndinayang'ana Amidu, akupalira mzere wake mwakachetechete. Ndinayang'ana agogo anu, milomo itachita mamba, akupalira uku akunong'ona kolona. Amene ankati Asilamu amangosintha nthawi ya chakudya sanabwerezenso mawu amenewo mpaka lero.

Madzulo tinakhala pabwalo kuyang'ana dzuwa likutsikira kuseri kwa phiri. Sindinaonepo dzuwa laulesi ngati la tsiku limenelo. Litalowa, Amidu anapemphera mwa kwawo, ife tinachita chizindikiro cha mtanda, ndipo tinamwa. Agogo anu anali ataphika futali, mbatata yothira nsinjiro, monga Roza anawalangizira. Tinadyera pamphasa imodzi, mkamwini ndi apongozi ake, zimene mudzi uno unali usanaonepo.

Nkhani siigona pamudzi. Lamulungu lotsatira, titatuluka m'tchalitchi, mayi wina wa mu mphakati wathu anaimitsa agogo anu pakhomo, anthu onse akumva.

"Amake Roza, tamva kuti kwanu mwayamba kusala ndi Asilamu. Kodi tiziti mwatisiya?"

Ine ndinafuna kuyankha, koma agogo anu anandigwira mkono. Anakonza duku lawo bwinobwino, n'kumuyang'ana mayiyo m'maso.

"Mwandiona ndalandira Ukalistia lero, ndipo mudzandiona Lamulungu likubwerali. Koma mwana wanga anataya tsiku lake la kwa Mulungu chifukwa cha chimanga changa. Ndiye iye azibweza ndi ludzu, ine ndili pambali ndikutafuna chimanga chomwecho?"

Mayi uja anatembenuka n'kumapita. Akatekisiti, amene anaima pambali, anangogwedeza mutu n'kumwetulira. Ine ndinayenda ulendo wonse wobwerera kunyumba ndili kumbuyo kwa agogo anu, chipewa chili m'manja, chifukwa chiyambire ukwati uja kanali koyamba kuwamva akutchula Amidu kuti mwana wanga.